Miyezi 10 ndi kawailesi kanga pakhonde la ku Limbuli: zomwe tikumverabe

Mu June 2025, chiperoni chili pakati, ndinagula kawailesi ka sola mumsika wa Limbuli, kaja kokhala ndi tochi kumutu ndi polowetsa memori khadi. Patangotha sabata ziwiri ndinalemba kuti n'kabwino, mawu ake ngomveka, ndipo ndinatchula mapulogalamu ambirimbiri amene ndinkati ndizimvera tsiku ndi tsiku. Papita miyezi 10 tsopano. Kawailesi kakadalipo, koma mndandanda uja wafupika kwambiri, ndipo amene aufupikitsa si ine ndekha.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la golosale, moyang'ana msewu wopita ku Muloza. Manja amakhala pansalu, phazi pachopondera, maso pasingano, chotsala ndi khutu basi. Pambali panga pali benchi limene silikhala lopanda munthu: wina akudikira zipi, wina wabwera kudzayesa diresi, wina akungousa mvula. Chimene ndatsegula timamvera tonse. Pogula paja zimenezi sindinaziganizire, koma ndi zomwe zasankha kuti pulogalamu iti ikhale, iti ichoke.

Za chipangizocho sindichulutsa. Kasola kake n'kochepa ngati chikhatho cha mwana. Mu October ndi November kamathandiza, koma nkhungu ikaphimba phiri masiku atatu palibe moto umene kamakoka, ndimachita kutchaja m'golosale. Eriyo inathyoka mwezi wachinayi mwana wa kasitomala ataikoka, wokonza mafoni n'kumangirirapo waya umene ndimaukoloweka pamsomali wa kudenga. Batire inayamba kutha msanga mu January, ndinagula ina. Kogudubuza voliyumu kamakhwekhwereza chifukwa cha fumbi ndi tiulusi. Vuto lenileni si la wailesi, ndi la malo athu. Mawu a FM amayenda molunjika, sakhota phiri, ndipo ife tili m'munsi mwa chiphiri chimene nsonga yake, Sapitwa, ili pamamita 3,002. Kusuntha wailesi mkono umodzi wokha, siteshoni yomwe imamveka bwinobwino imasanduka mphepo, nthawi zina n'kulowerera Chipwitikizi cha tsidya la ku Milange. Ndinalemba ndi choko patebulo pamene imagwira bwino.

Pulogalamu imene sinagwedezeke n'komwe ndi Nkhani za m'Maboma pa MBC Radio 1. Imeneyi ndimamvera kunyumba usiku pamodzi ndi amayi, koma imadzathera pabenchi m'mawa mwake. Chokoma chake n'chakuti anthu ake ndi ife tomwe: wa m'mudzi wakuti, mfumu yaikulu yakuti, wagwidwa ndi mbuzi ya eni, wabweza ndalama zimene anatola. Akangotchula Mulanje, Thyolo kapena Phalombe, amayi amasiya kusenda nandolo n'kuti, "Takweza pang'ono." Nkhani ikakhudza za ufiti pabenchi pamatentha, ndipo apo ine sindikhala chete. Ndimakumbutsa anthu kuti lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu ufiti, chifukwa amene amavutika ndi mphekesera zotere ndi agogo osauka opanda wowateteza.

Amayi ali ndi yawoyawo: nkhani za m'Chilomwe. MBC inayamba mu 1964, koma kwa zaka zambiri pawailesi pankamveka Chichewa ndi Chingerezi zokha. Zilankhulo zina zinapeza malo ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994. Ine Chilomwe ndimangotolapo mawu apa ndi apo, monga anzanga ambiri a msinkhu wanga. Amayi akamamvera, milomo yawo imayenda pansipansi kutsatira wowerengayo. Akatha amanditanthauzira, ndipo mawu ena amene ndinkawamva kwa anganga ndili wamng'ono abwerera mwa njira imeneyi. N'chifukwa chake ndi Mzati, wailesi ya konkuno ku Mulanje, ndaipatsa malo masana. Ilibe zonyezimira za mawailesi a m'tauni, koma midzi imene imatchulidwa ndi yoti ndikhoza kukafikako panjinga.

Zodiak ndinaidziwa mphamvu yake mu September. Tinavota pa 16, zotsatira za mtsogoleri wa dziko zinalengezedwa pa 24, ndipo masiku onsewo khonde langa linali lodzaza. Akabaza ankaimika njinga zawo m'mphepete mwa msewu, amayi a nanazi n'kutula madengu. Atolankhani ankalowa mmodzimmodzi kuchokera m'maboma, ife tili duu. Ndinaika lamulo limodzi: kumvera n'kwaulere, koma mkangano wa zipani ukachitikire kutsidya kwa msewu. Sabata imeneyo ndinasoka zochepa kwambiri, ndipo sindidandaula. Wailesiyi, imene a Gospel Kazako anaiyambitsa mu 2005, imati zikachitika mumvera kwa ife, ndipo m'masiku amenewo zinali choncho ndithu. Chisankho chitapita, chimene chatsala ndi Tiuzeni Zoona. Ndimaikonda pamene wofunsa wakana kusiya funso, mlendo akuzungulirazungulira, iye n'kulibwezanso momwe linalili. Pabenchi pamamveka kuti "Eya, ayankhe pamenepo!"

Za mpira n'zosachita kufunsa. Maule akamakumana ndi Manoma, wailesi si yanganso.

Chimene ndimasowa ndi masewero. Tinakula ndi Kapalepale, Pamajiga ndi Tikuferanji ya Manganya, a Michael Usi, amene kwawo ndi konkuno. Sewero linkasonkhanitsa banja lonse pamkeka, ndipo nkhani zovuta kuzikamba pamaso pa makolo, monga za Edzi, zinkalowa m'nyumba kudzera pamenepo. Pamiyezi yonseyi sindinapeze chatsopano chondigwira mtima chotero.

Tsopano za ma podcast, mapulogalamu a macheza oikidwa pa intaneti, zimene ndinazitama kwambiri poyamba paja. Mwezi woyamba ndinkamvera pafoni ndi mahedifoni, ndipo zinandivuta pawiri. Bandulo inkatha ngati madzi a m'dengu, poti ambiri a kuno kwathu amaikidwa pa YouTube ndi zithunzi zomwe. Chachiwiri, kasitomala ankandipatsa moni kawiri ine osamva, ndipo kwathu kuno zimenezo ndi mwano. Anandithandiza ndi mnyamata woika nyimbo m'makhadi, kuseri kwa msika. Amadawuniloda, n'kuchotsa zithunzi kusiya mawu okha, n'kundiikira pamemori khadi. Ndimamulipira pang'ono kamodzi pasabata. Kuyambira pamenepo podcast inachoka m'makutu mwanga n'kukhala ya pabenchi, ndipo benchi linayamba kusefa.

Amene anagwa ndi ambiri, sindiwatchula maina. Ena amayamba ndi kuseka okhaokha kwa mphindi 10 nkhani isanayambe. Ena Chichewa amangochiwaza ngati mchere, zonse Chingerezi, ndipo pasanapite nthawi wina amati, "A telala, tabwezani kwathu." Ena pakamwa n'posasamba, tsiku lina ndinachita kudumphira wailesi mayi wina atakhala pabenchi ndi mwana wake wamkazi amene ankayesa yunifolomu. Focus on Africa ya BBC ndimaikondabe, imanditsegula maso pa za maiko ena, koma ndimamvera ndekha m'mamawa ndikusesa pakhonde. Ku Podcast Malawi ndimasankha malinga ndi mlendo wake.

Amene apirira ndi macheza aatali a m'Chichewa, makamaka Cruise 5 ya a Joab Frank Chakhaza, imene imachokera ku Zodiak komweko koma ife timaipeza pakhadi. Munthu amapatsidwa mpata wofotokoza moyo wake kuyambira kumudzi, osamudula msanga. Ubwino wa khadi ndi wakuti ndikafuna kuyesa munthu ndimaimitsa, ndikamaliza tipitirize pomwe tinalekeza.

Mu February kunabwera bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito yothyola tiyi ku esiteti moyo wake wonse. Zala zake zinapindika, zakuda kunsonga. Anabweretsa jekete yoti ndiike chigamba pachigongono. Pakhadi pankalankhula woimba wina wakale, akufotokoza mmene ankayendera wapansi ndi gitala kumsana. Jekete inatha, bamboyo osanyamuka. Galimoto ya matabwa itadutsa ndi phokoso, mawu ena anawaphonya, ndipo anagwedeza mutu modandaula. Ndinadina kobwezera m'mbuyo, woimba uja n'kubwereza mawu omwewo. Bamboyo anayang'ana wailesi, anayang'ana ine.

"A telala, kodi imeneyi imabwerera?"

"Imabwerera, bambo. Ngakhale katatu."

"Ndiye tabwezaninso."

Pa tsiku la msika lotsatira anabwera ndi khadi yawoyawo itakulungidwa m'kapepala ka shuga, kuti ndiwaperekeze kwa mnyamata uja. Ali m'njira anandifunsa ngati alipo amene anajambulapo anthu a m'minda ya tiyi akufotokoza zawo. Pa zonse zimene zadutsa pakhadi langa, sindinamvepo ngakhale mmodzi. Macheza ambiri ndi a ku Blantyre ndi Lilongwe: oimba, andale, ochita malonda. Wothyola tiyi mulibe, wonyamula katundu wa alendo kukwera phiri kuchokera ku Likhubula mulibe, agogo odziwa mmene makolo athu anaolokera kuchokera ku Mozambique mulibe. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa anthu amenewa akutha, ndipo foni yojambulira mawu ili m'thumba mwa mnyamata aliyense pamsika pano.

Nyengo ya dzinja yandiphunzitsa kugawa batire. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anagumula mapiri ndi kukokolola midzi kuno ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, anthu samva mvula ya usiku monga ankaimvera kale. Mu January mvula itagwa masiku atatu osakata, mayi wina wa kufupi ndi mtsinje ankafika m'mawa uliwonse, wopanda chosoketsa, chitenje chili chonyowa, kudzangofunsa kuti, "Achimwene, a zanyengo anena chiyani?" Khadi silingayankhe funso limenelo. Masiku otero ndimalitulutsa n'kuliika m'kabotolo ka mabatani, wailesi izikhala pankhani basi. Madzulo ndimaikulunga m'jumbo, kuitenga kunyumba, n'kuiika kumutu kwa mphasa ya amayi. Asanagone amaigwiragwira mumdima, n'kufunsa, "Watchaja?"