Paipi yakale, sailensa yokha kapena paipi yatsopano: iti ikuyenera njinga yanu ya matayala atatu?

Tsiku limene ndinamanga paipi yatsopano pa njinga yanga ya Honda ATC250R ya 1985, chisangalalo sichinakwane ngakhale mphindi 20. Inkalira mokoma, kulira kuja kopyapyala kolasa m'makutu, ndipo ndikakankha moto inkaliyatsa liwiro ngati yaona mzukwa. Kenaka ndili pa giya yachisanu, moto uli wonse, injini inangoti zii, matayala akumbuyo n'kuyamba kukhukhuluzika pansi. Nditatsegula silinda ndinapeza pisitoni itakalikakalika mbali ya ku ekizozi, aluminiyamu wake atamatirira kukhoma. Paipiyo inalibe mlandu. Wolakwa ndinali ine mwini, chifukwa ndinasintha kapumidwe ka injini koma kabureta ndinaisiya mmene inalili.

Ndayamba ndi manyazi angawa kuti timvane, anzanga amene muli ndi Honda ATC250R, Yamaha Tri-Z 250, Kawasaki Tecate kapena ka Tri-Moto kakang'ono kaja. Pa injini ya four-stroke, yomwe petulo amayaka kamodzi injini ikazungulira kawiri, ntchito yaikulu ya paipi ndi kutaya utsi. Pa two-stroke ngati zathuzi, zomwe petulo amayaka pa kuzungulira kulikonse, paipi ndi theka la injini. Pisitoni ikatsegula khomo la utsi, funde lamphamvu limathamangira m'paipimo. Pamene paipi ikukula, fundelo limakoka utsi wotsala m'silinda, mpaka kukokera kunja ngakhale petulo wina watsopano wosakanikirana ndi mpweya. Likafika pamene mimba ya paipi ikuyamba kuchepa, limagunda n'kubwerera, ndipo limakankhira petulo uja m'silinda khomo lisanatsekeke. Amene anazikonza bwino zimenezi ndi Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany m'zaka za m'ma 1950, ndipo nzeruzo zinafika ku Suzuki pamene wokwera wake Ernst Degner anathawa m'chaka cha 1961.

Koma fundelo limafika panthawi yake pokhapokha injini ikuzungulira pa liwiro limene paipiyo anaiyezera. Paipi yaitali imagwira injini ikuzungulira pang'onopang'ono, yaifupi imadikira kuti injini ikuwe. Ndiye mukamagula paipi, kwenikweni mukusankha malo amene mphamvu idzakhale. Kuwonjezera kulipo ndithu, koma zambiri ndi kusamutsa.

Tiyambe ndi imene anthu amaipeputsa, yochokera kufakitale. Njinga zatsopano za matayala atatu zinasiya kugulitsidwa ku America m'chaka cha 1988, makampani atagwirizana ndi boma chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi, choncho paipi imene ili panjinga yanuyo mwina yadutsa zaka 35. Ambiri amene amati "paipi ya fakitale ndi yofooka" sanaimvepo ili bwino. Imene akuimva ndi paipi yodzaza mwaye wouma ngati makala, yophwanyidwa ndi miyala, yotayitsa utsi pakhosi. Ichotseni muinyamule. Ikakhala yolemera modabwitsa, ndipo mukaigogoda ndi sipanala ikungoti phu m'malo molira ngati belu, muli mwaye wa zaka zambiri. Iwotcheni panja ndi moto wa gasi mpaka utsi uleke, ikazizira ponyanimo manati angapo, gwedezani, khuthulani. Mudzadabwa ndi zotulukamo.

Malo ophwanyika pang'ono pamimba simungawamve n'komwe poyendetsa. Koma pakhosi, pafupi ndi silinda pamene paipi ili yopapatiza, pakalowa m'kati injini imabanika. Ena amathira madzi m'paipi n'kuiika mufiriji kuti ayezi akankhe chitsulocho, koma nthawi zina chimayamba kung'ambika ndi msoko. Njira yopopera mpweya m'kati uku ukutenthetsa ndi moto imagwira, komatu chotsekera kukamwa kwa paipi chikafwamphuka chimauluka ngati chipolopolo. Imeneyo asiyireni odziwa kuwotcherera.

Paipi ya fakitale yoyeretsedwa ndi yolemera, ndipo kumwamba, injini ikamazungulira mwachangu, siikuwa kwambiri. Ubwino wake ngwakuti mphamvu imabwera mwaulemu, phokoso n'lochepa, ndipo majeti (timabowo toyeza petulo m'kabureta) olembedwa m'buku la njingayo amagwirizana nayo. Kwa amene amayenda m'tinjira ta m'nkhalango, kapena akufuna njinga ioneke monga inatulukira, palibe chifukwa chothamangira kwina.

Kusintha sailensa yokha ndiye njira yotchipa, koma tisanamizane. Mupeza njinga yopepukirapo pang'ono, kulira kwina, ndi sailensa ya aluminiyamu yotheka kutsegula n'kusintha ubweya wa m'kati wochepetsa phokoso. Mphamvu yeniyeni simuipeza kumeneko, chifukwa mafunde aja amachitikira kutsogolo, m'mimba mwa paipi. Chofunika kuyang'ana ndi kukula kwa kabowo ka m'kati. Kakachepa kuposa kamchira ka paipi, kutentha kumaunjikana m'mbuyo ndipo pisitoni ndi imene imalipira. Ubweya uja ukanyowa ndi oilo n'kuuma gwa, njinga imasokosa ndiponso imafooka pansi, injini ikamazungulira pang'onopang'ono, ndiye ambiri amaganiza kuti sailensa yatha pamene ingofuna ubweya watsopano, wokulungidwa bwino koma osathinitsa. Kumalo ngati nkhalango za boma ku America salola njinga yopanda kasefa kogwira mbaliwali za moto, ndipo m'madera ambiri malire a phokoso ndi madesibelo 96. Ngakhale kumene kulibe lamulo lotero, udzu wouma susowa lamulo kuti uyake.

Mkangano weniweni uli pakati pa mapaipi awiri ogula: yokoka pansi ndi pakati, ndi yokuwa kumwamba. Mayina amene mudzakumana nawo ndi monga DG, FMF ndi Paul Turner, koma dzina lisakusokonezeni. Funsani kuti paipiyo anaipangira liwiro liti.

Yakumwamba ndi imene imakopa mtima. Pansi imakhala ngati yagona, kenaka injini ikafika penapake imadzuka mwadzidzidzi, mikono n'kukokeka. Pamchenga wotambalala, kapena pampikisano wothamanga mowongoka, imeneyi ndiyo mfumu, chifukwa kumeneko moto umakhala wonse nthawi zonse ndipo matayala akumbuyo amapeza poterereka. Koma taganizani mmene njinga zathuzi zilili. Kutsogolo kuli tayala limodzi lokha. Matayala awiri akumbuyo ali pa ekiselo imodzi yolimba, amazungulira mofanana, ndipo mwachibadwa amafuna kupita kutsogolo basi. Kuti mukhote muyenera kupendekera thupi m'kati mwa kona n'kulola kumbuyo kuterereke. Tsono mphamvu ija ikadzuka mwadzidzidzi muli pakati pa kona, pansi pali pouma pogwira bwino, tayala lakutsogolo limapepuka kapena kunyamuka kumene. Mahandulo mwapotoza, koma njinga ikulunjika kumtengo. Pamtunda wokwera ndiye zimaposa apa. Mukatsika pang'ono pa liwiro lake injini imafooka, mukatsina kilachi kuti idzuke imadzuka yonse, ndipo kutsogolo kumayang'ana kumwamba. ATC250R ilibe valavu yosintha kukula kwa khomo la utsi ngati njinga za mpikisano za masiku ano, ndiye palibe chobisa khalidwe la paipi. Chimene mwamanga ndi chimene mudzachimve.

Yokoka pansi ndi pakati siichititsa kaso pomvera. Kumwamba imafika pena n'kungoti basi ndathera pano, sinthani giya. Koma potuluka m'kona imayankha msanga chala chikangokhudza moto, mutha kukwera chitunda pa giya yachitatu osavutitsa kilachi, ndipo pulagi siida msanga chifukwa injini ikuyaka bwino pa liwiro limene mumakhalapo nthawi zambiri. Dzifunseni moona mtima: pa ola limodzi loyenda, ndi masekondi angati amene moto umakhala wonse pa giya yomaliza? Kwa ambiri a ife sakwana n'komwe mphindi imodzi. Ine ndinabwerera ku yapakati, ndipo m'tinjira ndimafika msanga kuposa kale, ngakhale kuti kuliraku sikuopsanso anthu.

Palinso yopangidwa pamanja, ya zidutswa zowotchereredwa chimodzichimodzi. Imeneyi ndi ya munthu amene wakulitsa kale makomo a silinda, wasintha mutu ndi kabureta, ndipo wopangayo akudziwa manambala a injiniyo. Pa injini wamba n'kutaya ndalama chabe.

Pa nkhani ya chitsulo, yokutidwa ndi nikelo imapirira dzimbiri ndipo matope amachoka mosavuta. Yachitsulo chosakutidwa imawotchereka bwino ikang'ambika, koma mukaitsuka osaipaka kaoilo, m'mawa mudzaipeza itafiira. Yopyapyala imapepuka koma mwala umodzi wokha umaisiyira chizindikiro. Ndipo samalani ndi chaka. ATC250R ya 1981 mpaka 1984 imazizira ndi mphepo, ya 1985 ndi 1986 imazizira ndi madzi, mafelemu ake ndi osiyana, mapaipi ake sasinthana. Yogwiritsidwapo kale ntchito muiyang'ane pakhosi ndi pa timakutu tomangira, ndi pamene ming'alu imayambira. Pomanga, lowetsani mabawuti onse osalimbitsa, kokani masipuling'i atsopano pakhosi, onani kuti siikukhudza payipi ya madzi kapena pulasitiki, kenaka limbitsani. Mukaikakamiza kuti ifike pabowo, kunjenjemera kwa injini kudzaing'amba pomwepo. Mukaona oilo wakuda akudontha pakhosi, pakutayika mphamvu, ikani chotsekera chatsopano ndi silikoni wopirira kutentha.

Iliyonse imene mwasankha pa ziwiri zogulazi, mtengo wake weniweni uphatikizepo majeti, kaya kabureta yanu ndi Keihin ya pa Honda kapena Mikuni ya pa Yamaha. Paipi yopuma bwino nthawi zambiri imafuna petulo wochulukirapo, ndipo pa injini zosakaniza oilo m'thanki, petulo yemweyo ndi amene amanyamula oilo ndi kuziziritsa pisitoni. Yambani ndi jeti yaikulu yokulirapo masitepe awiri. Ikamachita ngati ikutsamwa kumwamba, tsikani sitepe imodzi. Kuchuluka kwa petulo kumangodetsa pulagi, pamene kuchepa kwake kumadya pisitoni. Ngati petulo akumveka wochepa moto uli pakati, tsitsani kapanira ka singano ya m'kabureta malo amodzi kuti singanoyo ikwere. Kenaka mangani pulagi yatsopano, injini itenthe, thamangani moto wonse pa giya yapamwamba, zimitsani pomwepo mutagwira kilachi, masulani muone. Ikhale yofiirira ngati dothi louma. Ikatuluka yoyera mbee, kapena ili ndi timadontho tonyezimira ta aluminiyamu, musailizenso mpaka mutakweza jeti. Kukazizira muonenso kachiwiri, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo jeti imene inali bwino nthawi yotentha imatha kuchepa.