Cass, tauni imene inadza ndi macheka

Inu akumudzi mumati ku America kuno n'kowala kokhakokha. Mukanaona Cass, m'mapiri a West Virginia, kumene anthu okhazikika sakwana ngakhale 100, ndipo foni sigwira n'komwe. Pafupi pomwepo pali Green Bank, malo amene akatswiri amamvetserapo mafunde ochokera mlengalenga, choncho nsanja za mafoni saziloleza mwachisawawa m'derali.

Tauniyi sinakule yokha ngati mudzi. Inamangidwa mu 1901 ndi kampani ya West Virginia Pulp and Paper, n'kuitcha dzina la mmodzi wa mabwana ake, Joseph Cass. Chimene ankafuna ndi mitengo ya spruce ya pamwamba pa phiri la Cheat, yokapangira mapepala ku Covington, m'chigawo cha Virginia. Nyumba zinali za kampani, sitolo ya kampani, ntchitonso ya kampani. Nyumbazo zikadalipo: zamatabwa, zosanja, zopaka penti yoyera, zofanana ndendende, zitandanda m'mizere. Sitolo yaikulu ija lero amagulitsamo chakudya ndi timphatso ta alendo. Ine sizinandikomere kwenikweni. Munthu wolandira malipiro kwa bwana, n'kukagula ufa kwa bwana yemweyo, n'kukagona m'nyumba ya bwanayo, angadandaule kwa yani?

Koma sitima imene kale inkatuta mitengo m'phirimo ndiye ayi, inandigwira mtima. Injini zake ndi za malasha, za mtundu wa Shay, ndipo imodzi, nambala 5, ndi ya mu 1905 koma ikukokabe mabogi. Mphamvu yake imadutsa m'magiya kukafika ku mawilo onse, n'chifukwa chake imayenda pang'onopang'ono, phokoso lili thoo, koma chitunda chimene sitima wamba singayese n'komwe iyo imakwera. Pamene chitunda chakula kwambiri, njanji anaiyala mokhotakhota: sitima imapita kutsogolo, n'kuima, wina n'kusintha njanji, kenaka imakwera chafutambuyo. Pa Whittaker, pamene sitimayi imaima panjira, anakonzanso msasa wa odula mitengo, timisasa timene ankatinyamula pa sitima mitengo ikatha pamalopo.

Ndipo inathadi. Mu 1942 kampani ya Mower Lumber inagula zonse, mu 1960 macheka anazima, anthu n'kubalalika. Boma la West Virginia linagula njanjiyo isanazulidwe, ndipo mu 1963 inayamba kunyamula alendo. Fakitale yochekera matabwa inapsa, kwatsala zitsulo zadzimbiri m'mbali mwa mtsinje wa Greenbrier. Nkhalango inameranso, koma si yakale ija. Amene munadutsapo pa Chikangawa mapaini atatha mukudziwa mmene mapiriwa ankaonekera nthawi imeneyo.

Nyumba zoyera zija tsopano amabwereketsa kwa alendo. Wokwera sitimayi mpaka pamwamba pa phiri la Bald Knob, mamita oposa 1,400, atenge jekete ngakhale m'chilimwe cha kuno, komanso magalasi, poti mabogi ndi apululu ndipo phulusa la malasha limagwera m'maso.