Nyenyezi zinayi mwa zisanu: dzina la webusaiti ndalipeza, koma mtengo wa chaka chachiwiri anaubisa

Dzina la webusaiti ya bizinesi yanga yosoka zovala ndinalembetsa kwa kampani ina yolembetsa mayina a mawebusaiti, ndipo ambiri mwa mautumiki awo ndakhutira nawo.

Dzina lomwe ndinkafuna pa .com linali ndi mwini kale, ndiye anandionetsa ena oyandikira: a .net, a .shop, ena okhala ndi kamzere pakati. Akamzerewo ndinawakana. Tayesani kuuza kasitomala pafoni kuti "pakatipo pali kamzere", mumva akufunsa kuti kamzere kake kati. Manambala nawonso amazunguza, munthu sadziwa ngati alembe 4 kapena mawu ake. Ndinatenga dzina lalifupi la .com loti munthu akalimva kamodzi amalilemba osafunsanso.

Mayi amene anandiyankha ku gawo lothandiza makasitomala anandiuza kuti dzina la webusaiti silisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Choncho pachikwangwani ndi pamakadi liwu lililonse ndimaliyamba ndi chilembo chachikulu, ndipo maso amagawa mawuwo okha. "www" ndi "https://" ndinachotsa, webusaiti imatsegukabe. Pakansalu kamene ndimasokerera kukolala malo ndi ochepa kwambiri, koma dzinali limakwana mzere umodzi ndipo limawerengeka ngakhale chovala chitachapidwa kangapo. Ichi ndiye chimandisangalatsa koposa.

Anandilolanso kugula dzina lachiwiri, lolembedwa momwe anthu ambiri amaliphonyera, nkulilozetsa ku webusaiti yomweyo. Kubisa dzina langa ndi nambala ya foni mu WHOIS, kaundula wa pa intaneti wosonyeza eni mayina a mawebusaiti, sanandilipiritse.

Nyenyezi imodziyo ndawachotsera chifukwa cha mtengo. Dzina la pa intaneti sugula kuti likhale lako mpaka kalekale, umalipira chaka ndi chaka, kapena kulipiriratu mpaka zaka 10. Iwo mtengo wa chaka choyamba anaulemba ndi zilembo zikuluzikulu, pomwe wa chaka chotsatira, womwe ndi wokwera ndithu, uli m'tizilembo tapansi. Sichilungamo kwa munthu amene wasindikiza kale dzinalo pakatundu wake yense ndipo sangalisiye. Kusamukira ku kampani ina nkotheka, ngakhale malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, amachititsa kuti udikire masiku 60 ukangolembetsa kumene. Ine ndakhalabe nawo, ndipo ndinatsegula zoti azidula okha ndalama nthawi ikakwana kuti dzinalo lisagwe m'manja mwa wina.