Sikelo ya pa Ngabu yomwe ndagulitsako chitowe chaka chino

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti chitowe changa ndinakagulitsa kuti, ndiye ndingolemba pano kamodzi. Ndinapita pa shopu ina yogula mbewu pa Ngabu cha kumsika kuja, ndipo kunena zoona ndakhutira nawo.

Sikelo yawo ndi yamagetsi, manambala amayang'ana kwa iwe mwini katundu osati kwa mnyamata woyeza yekha, ndipo ndisanatsitse matumba pangolo anandilola kuika paketi ya shuga ya 1 kg kuti ndione ngati ikuwerenga bwino. Amene munagulitsapo kwa mavenda a sikelo yokoleka mumtengo mukudziwa zomwe ndikunena, thumba limachoka pakhomo lolemera kukafika pamenepo lapepuka. Ndalama amapereka pompopompo, kaya pamanja kaya pa Mpamba kapena Airtel Money, palibe zoti mubwerenso Lachisanu. Chomwe sichinandisangalatse ndi choti palibe mthunzi, ndi dzuwa la kuno kuchigwa kuima pamzere mpaka 11 koloko mutu umachita kuwawa, amayi ena anali ndi ana kumbuyo. Komanso amachotsa makilo akuti a zinyalala ngakhale chitowe chopeta bwinobwino, tinakokana pang'ono mpaka anandibwezera kilo imodzi.

Kilo imeneyo ndi yomwe yandiganizitsa. Sanabweze chifukwa cha chisoni ayi, anabweza chifukwa kutsidya kwa msewu kuli masikelo ena ndipo amadziwa kuti ndikhoza kungotembenuza ngolo. Ine ndimaona kuti chomwe chimateteza mlimi ndi chimenechi, ogula akhale ambiri azilimbirana katundu wako. Chaka chilichonse unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, timamva pa wailesi timasangalala, koma pepala silinyamula thumba, ngati wogula ali m'modzi m'mudzi monse mtengo ndi womwe watchula iyeyo basi. Kumbukirani nandolo mu 2017, India itangochepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake mtengo unagweratu kuno, anthu anangomuunjika m'nyumba mpaka kufumbwa, panalibe chilengezo chomwe chikanaukweza chifukwa vuto linali loti ogula kunja kulibe.

Ena mumati bola kale boma linkagula lokha. ADMARC inayamba mu 1971 ndipo mpaka cha mu 1987 mlimi wamng'ono analibe kwina kwenikweni kogulitsa, mtengo umabwera wolembedwa kale ndipo umangolandira. Msika wodalirika unalipo inde, sindikukana, koma makolo athu olima thonje kuno analibe kotembenuzira ngolo ngati mmene ndikanachitira ine tsiku lija. Ndiye ndimafunsa kuti boma lizilimbana ndi kugula ndi kugulitsa bwanji pomwe ntchito yake yeniyeni ili poyera? A MBS, bungwe la boma loona za miyezo, azibwera pafupipafupi nyengo yokolola kudzayesa masikelo onse, wobera alandidwe. Misewu ndi milatho zikonzedwe, chifukwa chidutsireni namondwe Freddy mu March 2023 abale athu a ku East Bank, kutsidya kwa mtsinje wa Shire, akuvutikabe mayendedwe, galimoto za ogula zikavuta kufika ndiye kuti venda m'modzi wanjinga yamoto ndi amene amalamula mtengo. Zimenezo wamalonda sangazichite payekha, ndi za boma, ndipo zikatheka ogula adzabwera okha popanda kuwaitana.

Kwa amene mukufuna kukagulitsa pa shopuyi, lawirani m'mamawa dzuwa lisanakwere, chitowe chikhale chouma komanso chopeta kawiri, tengani madzi akumwa, ndipo musanatsitse katundu yambani mwazungulira masikelo enawo kufunsa mtengo kenako muwauze zomwe mwamva. Ine ndidzapitanso ndi mapira anga ndikamaliza kupuntha, ndipo za mthunzi ndidzawauzanso.