Miyezi 9 ndi makina a OBD2: zimene nyali ya VSC yandionetsa pa Fielder yanga

Mu Novembala chaka chatha ndinalemba mwachidule za kamakina ka OBD2, kowerenga mavuto olembedwa mu kompyuta ya galimoto, kamene ndinagula nyali ya VSC itayaka pa galimoto yanga. Nthawi imeneyo n'kuti nditakhala nako milungu iwiri yokha, ndipo ndinakatamanda kwambiri. Ndinati n'kotsika mtengo, kamalumikizana ndi foni pa Bluetooth mosavuta, ndipo kanandizimitsira nyali tsiku lomwelo. Tsopano papita miyezi 9, dzinja lonse ladutsa, nyengo yozizira nayonso ikutha, ndipo ena mwa mawu amene ndinanena aja ndiyenera kuwabweza, chifukwa ndikudziwa kuti alipo anzanga amene anagula kamakinako atamva kwa ine.

Galimoto yake ndi Toyota Corolla Fielder ya 2013, ya injini ya 1.5, imodzi mwa zija zimachokera ku Japan n'kudzera pa doko la Dar es Salaam. Ndimayenda nayo kwambiri pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, komanso m'misewu ya fumbi yopita kumudzi. Nyali imene ndikunenayi ndi ija yachikasu yooneka ngati kagalimoto kokhala ndi mizere iwiri yokhotakhota kumbuyo. Toyota amati VSC, Nissan amati VDC, Honda VSA, Mazda DSC, pamene Mercedes-Benz ndi Volkswagen amati ESP. Mayina ndi osiyana koma ntchito ndi imodzi. Kompyuta imayang'ana liwiro la tayala lililonse, mmene mwapotolera chiwongolero, ndi mmene galimoto ikutembenukira. Ikaona kuti inu mukuloza uku galimoto ikupita uko, imagwira buleki ya tayala limodzi ndi kuchepetsa mphamvu ya injini kuti ibwerere mu mzere. Nyaliyi ikamaphethira mukuyenda poterera, ndiye kuti zonse zili bwino, dongosololi likugwira ntchito. Ikangoyaka osazima, ndiye kuti lazizimitsa lokha ndipo mwatsala nokha.

Ulendo woyamba uja nyali zinayaka ziwiri, ya VSC ndi ya injini. Kamakina kanawerenga khodi ya P0171, kutanthauza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi mafuta olowa mu injini. Ndinafufuta khodiyo, nyali zonse zinazima, ine n'kulemba zoyamikira zija. Patangotha masiku ochepa zinabweranso ndili pa Linthipe. Apa m'pamene ndinayamba kumvetsa chinthu chimene ambiri chimatisokoneza: pa Toyota zambiri, injini ikakhala ndi vuto, VSC imazima dala, chifukwa singadalire injini imene siikumvera bwino. Mu kompyuta ya mabuleki mumangolembedwa C1201, khodi imene imangonena kuti kayang'aneni ku injini. Choncho mabuleki anga analibe mlandu. Vuto linali sensa yoyeza mpweya imene inadzaza fumbi la mu Okutobala, komanso paipi ya labala yochokera ku fyuluta imene inang'ambika pansi, posaoneka. Titatsuka sensa ndi mankhwala ake n'kusintha paipiyo, nyali zinazima ndipo P0171 sinabwerenso mpaka lero.

Pa vuto limenelo kamakina kakang'ono kanandithandizadi, sindingakane. Kulakwa kunali kufufuta khodi ndisanakonze chimene chinaiyambitsa.

Mu Febuluwale ndiye kanaonekera poyera. Mvula inali itagwa sabata yathunthu, ndipo m'mawa wina ndikutuluka pa geti nyali ya ABS (dongosolo loletsa matayala kukhwekhwereza mukaponda buleki mwamphamvu) ndi ya VSC zinayaka pamodzi, ya injini ayi. Ndinalumikiza kamakina kaja pansi pa chiwongolero, foni n'kundiuza kuti palibe khodi iliyonse. Nyali ziwiri zikundiyang'ana pa dashibodi, foni ikuti galimoto ili bwino. Ndinayesa pulogalamu ina ya pa foni, yankho lomwelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chifukwa chake n'chakuti malamulo a OBD2 anakhazikitsidwa pofuna kuyang'anira utsi, ndiye chimene makina alionse amatha kuwerenga ndi makhodi a injini, oyamba ndi P. Makhodi a mabuleki ndi VSC amayamba ndi C, amakhala mu kompyuta ina, ndipo kampani iliyonse ili ndi kalankhulidwe kake kofikira kumeneko. Kamakina kanga ndi mapulogalamu aulere amene ndinali nawo sizinkafikako n'komwe. Wogulitsa sananene zimenezi, ndipo inenso sindinazilembe.

Nyalizo zinali ndi khalidwe lake. Ndikazimitsa galimoto n'kuilizanso, zimazima. Ndikayenda mowongoka, zii. Koma ndikangokhota kwambiri kumanja, kapena kugwera m'dzenje, zija zayaka. Ku galaja ina anandiuza mosaona n'komwe kuti pampu ya ABS yafa, ndigule ina yakale. Mnyamata wina pomwepo anati angathe kutsegula dashibodi n'kumata nyaliyo kuti isamandisowetse mtendere. Zimenezi zinandipweteka mtima, chifukwa m'galimoto imeneyi ndimanyamula ana anga, ndipo ndikudziwa kuti m'misewu mwathu muli galimoto zambiri zimene nyali zake zinaphedwa mwanjira imeneyi. Mukamagula galimoto, tembenuzani kiyi osaliza injini, muone ngati nyali ya ABS ndi ya VSC zikuyaka kwa masekondi angapo kenaka n'kuzima. Zikapanda kuyaka n'komwe, pali amene anazigwira.

Ndinasankha kugula makina achiwiri, a m'manja, okhala ndi sikirini yawoyawo ndi waya wake, amene pa bokosi analemba momveka kuti amawerenga ABS ndi ma airbag. Mtengo wake unaposa kakang'ono kaja kangapo, koma sunafike pa mtengo wa pampu imene ankati ndigule. Nditawalumikiza anatenga kanthawi, kenaka n'kuonetsa khodi ya sensa ya liwiro ya tayala lakutsogolo kumanzere. Ndinasangalala, ndipo maganizo anga anali ongothamangira kukagula sensa yatsopano.

Anandiletsa ndi bambo ena achikulire okonza za magetsi a galimoto, amene msuweni wanga anandilozera. Nditawaonetsa khodiyo anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Achimwene, makinawa akuuzani mudzi, sanakuuzeni nyumba. Khodi ikati sensa, mwina ndi sensayo, mwina waya wake, mwina pulagi, mwina bearing. Tiyeni tiyende kaye." Anakhala pa mpando wa pambali makina ali pa mwendo, atatsegula pamene pamaonetsa liwiro la matayala onse anayi nthawi imodzi. Ine ndinkayendetsa pang'onopang'ono pa bwalo la mpira lopanda anthu. Manambala anayi ankayendera limodzi, 20, 20, 20, 20. Anati, "Khotani kumanja, chonse." Nditapotola mpaka chiwongolero kugunda, nambala ya kutsogolo kumanzere inagwa pa 0, n'kubwerera, n'kugwanso, ndipo nyali zinayaka pompo. Bambo aja sanalankhule zambiri. Tinakweza galimoto pa jeke, anachotsa tayala, n'kuyamba kutsata waya wa sensa ndi zala, pang'onopang'ono ngati wosankha nyemba. Kuseri kwa shock anapeza pamene panali vuto. Wayayo sanali mu kachitsulo kake komugwira, ankangolendewera, ndipo tayala likakhota limamukhula. Labala yakunja inali itaperepeseka, mkuwa wa m'kati utabiriwira ndi madzi a matope, tingwe tiwiri kapena titatu tokha ndi timene tinatsala tikugwirana.

Ndinakumbuka kuti mu Disembala ndinasinthitsa ma shock akutsogolo pa galaja ina, ndipo amene anagwira ntchitoyo sanabwezere wayayo m'malo mwake. Sensa inali yabwinobwino, pampu inali yabwinobwino. Bambo aja anandiuza kuti akhoza kulumikiza ndi kuwotcherera kuti ndifike kunyumba, koma pamalo pamene waya amapindika tsiku lililonse cholumikiza sichikhalitsa, ndiye ndinagula sensa ina yobwera ndi waya wake wonse. Anandichenjezanso za chinthu china chimene ndaona kuti n'chofunika kwa aliyense wosinthitsa bearing. Ma bearing ambiri a masiku ano ali ndi mbali imodzi yokhala ndi maginito, ndipo sensa imawerenga liwiro kuchokera pamenepo. Akaiika chotembenuza, kapena akaimenya ndi hamala, nyali ya ABS imayaka mukangochoka pa galaja.

Gawo loonetsa manambala galimoto ikuyendali ndi limene landibwezera ndalama zanga pa makina achiwiriwa. Kuwerenga khodi kokha kukanandifikitsa pa sensa, inde, koma sindikanadziwa chimene chinayambitsa vutolo, ndipo waya watsopano akanalendeweranso pomwepo.

Patapita milungu itatu ndinaona phindu la zonsezi ndi maso anga. Ndinkachokera ku Ntcheu madzulo, mvula ikugwa yamawawa, ndipo pa kona ina madzi anali atakokolera dothi lofiira pa tala. Sindinkathamanga kwambiri, koma ndinamva kumbuyo kwa galimoto kukuyamba kutsetsereka kulowera kunja. Ndisanachite chilichonse nyali ija inaphethira msangamsanga, kutsogolo kunamveka kugogoda ngati wina akumenya chitseko, injini inafooka kamphindi, galimoto n'kuwongoka. Zonsezi sizinathe masekondi awiri. Mkazi wanga anangoti, "Chachitika n'chiyani, bambo?" Ndinayima pambali manja akunjenjemera. Zikanakhala kuti ndinalola kumata nyali kuja, sindikudziwa kuti tikanathera kuti. Luso la VSC limeneli linayamba kuikidwa m'galimoto mu 1995, Mercedes-Benz mogwirizana ndi Bosch ku Germany, ndi Toyota pa Crown Majesta ku Japan. Boma la Japan linalamula kuti mitundu yatsopano ya galimoto ikhale nalo kuyambira mu Okutobala 2012, ndipo mitundu imene inali kale pa msika kuyambira mu Okutobala 2014, n'chifukwa chake galimoto zambiri zobwera masiku ano zili ndi nyaliyi pamene zakale zinalibe. Bungwe la IIHS la ku America, lofufuza za ngozi za pamsewu, linapeza kuti limachepetsa ndi pafupifupi theka ngozi zakupha zimene galimoto imachita payokha. Kale ndinkangoziwerenga zimenezi. Tsopano ndikaziwerenga ndimaona kona ija.

Nyali inabweranso kachitatu mu Juni, m'mawa wozizira kwambiri. Galimoto inalira movutikira, nyali n'kutsala chiyakire. Makina anaonetsa C1241, khodi ya magetsi ochepa ofika ku kompyuta ya mabuleki. Batire labwino lopumula limakhala cha pa mavolti 12.6, ndipo injini ikamalira liyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Langa m'mawa linkapezeka pansi pa 12, ndipo mutu umodzi unali utachita zoyera ngati phulusa. Ndinasintha batire, nkhani n'kutha. Izi zinanditengera mphindi khumi kuzindikira, pabwalo pa nyumba, osapita kwa aliyense.

Makina achiwiriwa nawonso ali ndi pofooka. Amachedwa kulumikizana, nthawi zina mpaka ndizimitse kiyi n'kuyambiranso. Galimoto za msika wa ku Japan sazidziwa ndi mayina ake, Fielder mulibe pa mndandanda, ndiye ndimachita kusankha njira yoti afufuze okha. Pa Nissan yakale ya mnansi wanga anawerenga injini koma ku ABS anakana kulowa. Sikirini yake pa dzuwa sioneka, mpaka kuitchinga ndi chipewa. Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri chinali mu Julayi, nditachititsa alaimenti ndi kusintha ma tie rod. Ntchito ngati imeneyi ikachitika, kompyuta imafunika kuphunzitsidwanso kuti powongoka ndi pati, galimoto itaima pamalo osalala, chiwongolero chili pakati. Pa bokosi analemba kuti makinawa amatha zimenezi, koma pa galimoto yanga anakana. Ndinabwerera kwa bambo aja, amene ali ndi makina aakulu, ndipo anazichita mu mphindi zochepa pa simenti ya mu galaja yawo. Ena amachita zimenezi polumikiza timapini ta pa soketi ya OBD2 ndi kawaya. Ine sindinafune, chifukwa pini ya nambala 16 pa soketi imeneyo ili ndi moto wa batire nthawi zonse, ndipo kuphonya bowo limodzi kungaotche kompyuta.

Pali zinthu ziwiri zimene makina alionse sangakuchitireni. Choyamba ndi matayala. Anga ndi 175/65R15 onse anayi, ndipo ndimakana kusakaniza masaizi ngakhale a kaunjika atatsika mtengo bwanji, popeza tayala losiyana kukula limazungulira pa liwiro losiyana ndipo kompyuta imayesa kuti likuterera. Chachiwiri ndi nyali yofiira ya mabuleki. Zachikasu zikayaka mabuleki wamba amagwirabe ndipo mukhoza kufika pa galaja mosamala, koma yofiira ikayaka handibuleki ili pansi, imani muyang'ane mafuta a mabuleki musanapite patsogolo.

Kamakina kakang'ono kaja sindinakataye. Kamakhala m'kabokosi ka kutsogolo, ndipo pa ulendo wautali ndimakagwiritsa ntchito poona kutentha kwa injini pa foni ndikamakwera mapiri a ku Dedza. Amene munakagula chifukwa cha mawu anga, pa nyali ya injini kakuthandizani, koma pa nyali ya ABS ndi VSC funsani kaye wogulitsa alumikize pa galimoto yanu, muone ndi maso anu liwiro la matayala anayi pa sikirini musanapereke ndalama. Makina achiwiri ali m'chikwama chake pansi pa mpando. Chichokereni ku alaimenti mu Julayi nyali sinayakenso, ndipo waya uja ndimamusuzumira nthawi iliyonse tayala lakutsogolo likachotsedwa.