Ndemanga: Tsiku limodzi lophunzira za Napolo wa sinowo ku Davos

Nyenyezi zinayi pa zisanu.

Anzanga a gulu lathu lokwera mapiri kuno ku Joni mwakhala mukundifunsa ngati maphunziro aja a za Napolo wa sinowo ku Davos, ku Switzerland, amene ndinalipira mu Disembala anali oyenera ndalama zake. Ndiyankhe pano kamodzi.

Ine ndinakulira m'tsinde mwa Mulanje, ndipo ndisanabwere ku Johannesburg ndinkasenza katundu wa alendo kuchokera ku Likhubula mpaka ku Chambe. Ndinkadziona ngati katakwe wa phiri. Koma sinowo ndinali nditamuona kamodzi kokha, uja anagwa pa 10 Julayi 2023, tonse mu Rosettenville n'kutuluka ndi mafoni, posakhalitsa iye wasungunuka. Ndiye alamu anga atatiitana ku Switzerland n'kunena kuti sanditenga kuphiri ndisanaphunzire za avalanche, ndinaona ngati akundiderera.

Avalanche ndi Napolo basi, koma wa sinowo. Amene mukukumbukira za ku Phalombe mu 1991, kapena zimene Freddy anachita ku Chilobwe mu 2023, mwamva kale. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu kawirikawiri amadzutsidwa ndi anthu omwewo amene akuwakwirira.

Tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo otitsogolera anali mayi ena achikulire osakonda nthabwala. Tisanaponde panja anatiwerengetsa chenjezo la tsikulo lochokera ku SLF, bungwe la ku Davos komweko lofufuza za sinowo. Ngoziyo amaiyeza kuyambira 1 mpaka 5, ndipo tsikulo inali pa 3. Ine ndinati ndiye zili bwinotu, ndi pakatikati. Mayiwo anandiyang'ana ngati ndatukwana. Akuti pafupifupi theka la anthu ofa ndi avalanche amafa chenjezo lili pa 3, chifukwa likafika pa 4 kapena 5 anthu amachita mantha okha n'kukhala kunyumba.

Pamene ndalama yanga inabwerera ndi pa dzenje limene tinakumba mu sinowo kuti tione mmene alili mkati. Sinowo anali wochepa, wolekeza m'chiuno, miyala ina ikuonekera. Tinakumba mpaka kufika pa dothi. Pamwamba panali polimba ngati nkhoko, moti chala sichinkalowa. Pansi pake ndinatapa ndi dzanja, zonse n'kuyoyoka ngati shuga. Chifukwa chake ndi ichi: kumayambiriro kwa nyengo yozizira sinowo amakhala wopyapyala, dothi pansi lili cha pa madigiri 0, pomwe pamwamba usiku wopanda mitambo kumazizira koopsa. Nthunzi imakwera kuchokera pansi n'kusandutsa timibulu ta sinowo kukhala tam'mbalim'mbali tosagwirana. Kenako kukagwa sinowo watsopano, mphepo imamutsendera pamwamba pa shuga uja. Zili ngati kuika chitseko pa mulu wa mawere pamalo otsetsereka. Ndipo shuga ameneyu satha msanga, amatha kubisala pansipo milungu yambiri, makamaka mbali ya mthunzi. Chenjerani, kumeneko mbali ya mthunzi ndi ya kumpoto, osati kummwera monga tinazolowera ku Drakensberg.

Masana tikukwera tinamva pansi pa mapazi kuti dii! ndipo mng'alu unathamanga patsogolo pathu ngati njoka. Mayi aja anayeza chitunda chimene tinkafuna kudutsa, kutsetsereka kwake kunapitirira madigiri 30, pamene avalanche amayambira. Anangoti tibwerere. Kunena zoona ndinang'ung'udza, poti nsonga inali pomwepa, ndipo ndalamazo ukaziwerengera m'ma rand zikulimbana ndi lendi ya chipinda changa. Usiku ndili gone m'pamene ndinayamba kunjenjemera.

Za zida tinaphunzira mothamanga. Aliyense amavala pachifuwa ka transceiver, kawailesi kothandiza kupeza munthu wokwiririka, tonse timalankhula pa 457 kHz, kuphatikiza ndodo yopinda yobayira mu sinowo pomufufuza ndi fosholo. Munthu akafukulidwa mphindi 15 zisanathe mwayi wokhala moyo ndi waukulu, zikapitirira umatsika mofulumira, choncho womupulumutsa ndi mnzake, osati helikopita. Chikwama chimene anakwirira mu sinowo potiyesa ndinachipeza msanga, koma kukumba kunanditulutsa thukuta. Akuti sinowo wa avalanche akaima amauma kuposa pamenepo, ngati dothi la pachulu mu Okutobala.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Transceiver imene anandibwereka inali ndi mabatire otha, ndipo theka la ola linapita tikudikira ina. Kusukulu yophunzitsa za chitetezo zimenezi siziyenera kuchitika. Chachiwiri, polembetsa ananena za nkhomaliro, koma tinangolandira tiyi ndi kachidutswa ka tchizi. Munthu wa nsima pa phiri lozizira chonchija!

Amene mumangopita ku Afriski ku Lesotho mu Julayi kukasewera pa sinowo panjira zokonzedwa kale, musavutike nazo. Koma ngati muli ndi ulendo wa ku mapiri a Alps ku Ulaya ndipo mukufuna kutuluka m'njira zimenezo, lembetsani tsiku loyamba lenileni. Tengani mabatire anu, kamba wanu, ndi mapeya awiri a magolovesi, chifukwa oyambawo amanyowa pa dzenje paja.