Mbereko ya mphete patatha miyezi 7: dzanja limamasukadi, koma nsalu ikuterera

Mnzanga woyembekezera wafunsa ngati mbereko ya mphete imathandizadi kuyamwitsa khanda dzanja limodzi likugwira zina, komanso ngati n'njoyenera kuitayira ndalama. Yankho lake ndi ili, mberekoyi itagwira ntchito tsiku ndi tsiku kwa miyezi 7.

Ndi nsalu ya thonje yotalika pafupifupi mamita 2, yokhala ndi mphete ziwiri za aluminiyamu kumapeto kumodzi. Mphetezo n'zosawotcherera, choncho palibe polumikizira poti n'kuthyoka. Msoko wozigwira sunathothoke ngakhale ulusi umodzi. Ikachapidwa imauma msanga, mtundu wangosuluka pang'ono. Apa palibe chodandaula.

Dzanja limamasukadi, koma limodzi lokha, ndipo si m'masabata oyamba. Khanda lomwe silinaphunzire kugwira bere bwino liyambe layamwa mayi atakhala pansi, manja onse ali pa ilo. Likazolowera, m'pamene mbereko imalowa ntchito. Bere losavuta ndi la mbali yopanda mphete: mphete zikakhala paphewa lamanja, mwana ayamwe kumanzere. Poti khanda limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, muzisinthasintha phewa, apo ayi bere limodzi lizikhala lodzadza ndipo khosi lanu lidzauma mbali imodzi.

Pofuna kuyamwitsa, gwirani matako a mwana ndi dzanja limodzi, linalo litukule mphete yapamwamba pang'ono kuti nsalu ikhwefuke. Mutsitseni mpaka mphuno yake iyang'anizane ndi nsonga ya bere, osati pakamwa, kuti adzutse mutu n'kuyasamula kwambiri. Wagwira bwino ngati chibwano chagunda bere, mlomo wapansi wapindikira kunja, ndipo mbali yakuda ya bere ikuoneka yambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Kenako kungani nsalu pokoka mchira wake (mbali yolendewera kuchokera m'mphete) pang'onopang'ono, kuyambira m'mphepete mwapansi, pakati, n'kumalizira mwapamwamba. Mawondo akhale m'mwamba kuposa matako. Dzanja lotsalira pa mwana lichirikize khosi ndi mapewa. Musakankhe kumbuyo kwa mutu, chifukwa khanda likatsekeka mphuno limafuna mpata wobwerera m'mbuyo lokha. Ndipo mchira wa nsalu usasanduke chofunda kumaso. Nkhope izioneka nthawi yonse.

Akangosiya bere, m'kwezeni pachifuwa, pamene mungathe kupsompsona mutu wake mutangoweramitsa khosi, n'kukunganso nsalu. Ambiri amalakwitsa apa. Mwana wagonera pabere, ndiye amamva chisoni kumusuntha. Koma khanda losakwana miyezi 4 khosi lake n'lofooka, ndipo chibwano chikagwera pachifuwa njira ya mpweya imapanikizika popanda kulira kulikonse. Pakati pa chibwano ndi chifuwa pazilowa chala. Wobadwa masiku asanakwane, wobadwa wochepa thupi kapena wachimfine, funsani kaye azachipatala.

Tsono vuto lake. Kuyambira mwezi wachitatu woigwiritsa ntchito, nsalu inayamba kuterera m'mphete. Mukakunga bwinobwino, mwana n'kugwira bere, pakapita mphindi zisanu wayamba kutsika. Sagwa ayi, amangotsetsereka pang'onopang'ono, mwina masentimita atatu kapena anayi, koma poyamwitsa zimenezo n'zambiri. Kamwa imachoka pa mbali yakuda ija n'kutsalira kunsonga, mwana n'kumakoka bere ngati chingwe. Mayi amayamba kumva kuwawa, nsonga imatuluka itaphwatalala, ndipo zikapitirira masiku angapo imang'ambika. Choipa china n'chakuti munthu umayamba kuwerama kutsatira mwanayo osadziwa, msana n'kumapweteka madzulo. Dzanja lomwe linali laufulu lija limabwerera pansi pa matako. Ndiye mwagula chiyani?

Zoyambitsa zilipo zitatu, ndipo ziwiri mwini wake angazikonze. Nsalu ikapotana kapena kuunjikana pakati pa mphete siigwira. Muziilowetsa m'mphete zonse ziwiri, kuibweza pamwamba pa yoyamba n'kuidutsitsa pansi pa yachiwiri, kenako kuitambasula ndi zala kuti m'mphepete monse muoneke padera. Chachiwiri ndi mankhwala ofewetsa zovala, omwe amasiya nsalu yoterera. Alekeni, muichape kangapo ndi sopo wamba. Chachitatu n'cha wosoka. Mphete zimagwira nsalu chifukwa chothinana, ndiye nsalu yopyapyala imafuna mphete zocheperako. Iyi anaiika mphete zazikulu, zoyenera nsalu yokhuthala. Ili yatsopano inkagwira chifukwa inali yokhakhala, koma itafewa ndi kuchapa, mwana nayenso atalemera, chinyengo chinaonekera.

Musayese kuthana nazo pokunga mopitirira m'mphepete mwapamwamba. Nsalu ikadinda bere, mkaka suyenda bwino pamalopo ndipo pamatuluka chotupa chopweteka. Pakafiira, thupi n'kutentha, imeneyo n'njachipatala.

Masiku amene yagwira, mberekoyi ndimaikonda kwambiri. Mwana akuyamwa, dzanja lili pa kapu ya madzi kapena lagwira mkulu wake. Mwanayo atafika miyezi 5, khosi litalimba, zinapepukanso, moti pena nsalu yotererayo ndimaikhululukira. Koma wogulitsa ndiye anandigwetsa ulesi. Atatumiziridwa vidiyo yoonetsa nsalu ikutsetsereka ngakhale yalowetsedwa molondola, anayankha patatha masiku ambiri kuti vuto ndi kamangidwe, n'kutumiza malangizo omwewo a m'bokosi. Nditamufunsa za kukula kwa mphete anangoti nthawi yobweza katundu inatha, ndipo ngati ndikufuna ndigule ina pamtengo wotsitsako. Kuchotsa mphetezo n'kuikamo zocheperako ndi kotheka kwa telala wodziwa kusoka msoko wonyamula mwana, koma ndi ndalama zinanso pamwamba pa mtengo womwe unali kale wokwera.

Kwa mnzanga uja: mbereko ya mphete gula, koma osati kwa wogulitsa ameneyu. Usanalipire, lowetsa nsalu m'mphete, ukoke mwamphamvu mbali yonyamula mwana. Ikasuntha ngakhale pang'ono ili yatsopano, ibweze pomwepo ndalama zikadali m'manja mwako.